Square, kampani ya ku Japan imene inabala Final Fantasy: mafunso ndi mayankho

Aliyense amene anasewerapo Final Fantasy, Chrono Trigger kapena Kingdom Hearts anagwirapo ntchito ya manja a kampani ya Square. Kampaniyi inakhalapo zaka 20 zokha, kuyambira 1983 mpaka 2003, ndipo pa zaka zimenezo inali ndi khalidwe la munthu wa juga: ikapata, inkatenga zonse zimene yapatazo n'kukabetchanso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera anthu akamakamba za mbiri yake.

Kodi Square ndi Square Enix ndi kampani imodzi?

Ayi, koma ina inalowa mwa inzake. Square ndi Enix anali makampani awiri opikisana. Pa 1 April 2003 anaphatikizana n'kukhala Square Enix. Pa malamulo, imene inatsala ndi Enix, ndipo Square inathetsedwa, ngakhale kuti antchito ambiri a kampani yatsopanoyo anachokera ku Square. Mukaona dzina loti Squaresoft pa bokosi la gemu yakale, musadabwe, ndi Square yomweyo. Limenelo ndi dzina limene inkasindikiza pa magemu ake.

Nanga RPG, mtundu wa magemu umene Square inatchuka nawo, n'chiyani?

Ambirife tinadziwa PlayStation chifukwa cha mpira ndi magemu omenyana, amene umasewera mphindi khumi n'kupatsira mnzako. RPG si yotero. Ndi gemu ya nthano. Wosewera amatenga kagulu ka anthu a m'nkhaniyo n'kumayenda nawo m'midzi, m'nkhalango ndi m'mapanga, kucheza ndi anthu, kugula zida ndi mankhwala, ndi kumenyana ndi zilombo. Nkhondo iliyonse imawonjezera mphamvu za anthu akowo pang'onopang'ono. M'magemu akale a ku Japan, nkhondoyo siinkafuna zala zothamanga. Umasankha pa mndandanda kuti uyu amenye, uyu alodze, uyu achiritse mnzake, kenako n'kuona zotsatira. Gemu imodzi imatha kudya maola 40 kapena kuposerapo.

Mtundu umenewu sunayambire ku Japan. Unachokera ku masewera a patebulo a ku America, makamaka Dungeons & Dragons, kenako magemu a pakompyuta monga Wizardry ndi Ultima. Anyamata a ku Japan anawasewera pa makompyuta a Apple II, anawakonda, n'kuyamba kupanga awo osavuta kusewera ndiponso okhala ndi nkhani yolongosoka.

Square inayamba bwanji?

Inayamba ngati kanthambi ka kampani yomanga mizere ya mawaya a magetsi. Kampaniyo inali Den-Yu-Sha, ndipo mwini wake anali bambo ake a Masafumi Miyamoto. Miyamoto atamaliza maphunziro pa Waseda University sanafune zamagetsizo, choncho mu 1983 anatsegula nthambi yopanga magemu a pakompyuta ku Hiyoshi, mumzinda wa Yokohama. Tisasokoneze: ameneyu si Shigeru Miyamoto wa ku Nintendo amene anapanga Mario. Dzina ndi lofanana chabe.

Masiku amenewo gemu inkapangidwa ndi munthu mmodzi, yemwe ankalemba pulogalamu, kujambula, ngakhale kupeka tinyimbo take. Miyamoto, amene sanali katswiri wa mapulogalamu, anaganiza kuti ntchitoyi igawidwe: wojambula azijambula, wolemba nkhani azilemba, wa pulogalamu azichita zake. Lero zimenezi n'zodziwikiratu, koma panthawiyo zinali zachilendo. Antchito oyamba anali ana asukulu ogwira ganyu. Awiri mwa iwo anali Hironobu Sakaguchi ndi mnzake Hiromichi Tanaka, ophunzira pa Yokohama National University. Winanso anali Hisashi Suzuki, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa kampani yonse.

Gemu yawo yoyamba inali The Death Trap ya mu 1984, ya pa makompyuta a NEC. Mu 1985 anayamba kutulutsa magemu a pa Famicom, makina a Nintendo amene kunja kwa Japan ankatchedwa NES. Mu September 1986 Square inapatuka ku Den-Yu-Sha n'kuima payokha. Inakatenga maofesi ku Ginza, dera lodula la ku Tokyo, koma posakhalitsa thumba linakana ndipo inasamukira ku Ueno. Magemu monga King's Knight ndi Rad Racer anagulidwa ndithu, koma osati mokwanira kuti anthu agone tulo.

Kodi n'zoona kuti dzina loti Final Fantasy linabwera chifukwa kampani inali pafupi kutsekedwa?

Nkhaniyi imakoma pofotokoza, n'chifukwa chake siifa. Amati Square inali itatsala madzi amodzi, ndiye inatcha gemu yake kuti yomaliza, ndipo gemuyo n'kuipulumutsa. Muli choonadi pang'ono. Ndalama zinalidi zovuta mu 1987, ndipo Sakaguchi, amene ankatsogolera ntchito yopanga gemuyo, ananenapo kuti ikanakanika akanasiya ntchitoyi n'kubwerera ku yunivesite.

Koma mu 2015 Sakaguchi yemweyo anafotokoza kuti chimene ankafuna kwenikweni ndi dzina loti likafupikitsidwa lizikhala FF, chifukwa zilembo ziwirizo zimamveka bwino pa lilime la Chijapanizi. Poyamba ankafuna Fighting Fantasy, koma dzinalo linali kale ndi eni ake, mabuku a masewera a ku Britain. Ndiye anangofuna liwu lina loyamba ndi F. Choncho mavuto analipo, koma dzinalo silinali kulira kwa munthu womira.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi nkhani ya chiwerengero. Akuluakulu a kampani ankafuna kupanga makope 200,000 okha. Sakaguchi anakakamira kuti akhale 400,000, poti ochepawo sakanabweretsa ndalama zopangira gemu yachiwiri. Pa nthawi ya ma cartridge, timabokosi tosungamo gemu timene ankatilowetsa m'makina, kumeneku kunali kubetcha kwenikweni: umalipiriratu Nintendo kuti ikupangire, ndipo akapanda kugulidwa amakuunjikira m'nyumba yosungira katundu. Gemuyo inatuluka pa 18 December 1987 ndipo inagulidwa kuposa pamenepo. Kubetcha koyamba kunalipira, ndipo kampaniyo inaphunzirapo phunziro limene linadzaipweteka zaka 14 pambuyo pake.

Ndani anapanga Final Fantasy yoyamba?

Kagulu kochepa, ndipo poyamba anthu ambiri mu kampanimo sankafuna kulowa nawo, chifukwa Sakaguchi ankadziwika kuti ndi bwana wovuta. Koichi Ishii ndi Akitoshi Kawazu anakonza dziko la m'gemumo ndi malamulo a nkhondo. Kenji Terada analemba nkhani. Yoshitaka Amano, amene anali atagwirapo kale ntchito ya makatuni a pa TV, anajambula anthu ndi zilombo m'kajambulidwe kake ka mizere yopyapyala ngati utsi. Kazuko Shibuya ndiye ankasandutsa zojambulazo kukhala timadontho tokwana pa makina ofooka a nthawiyo, ndipo dzina lake limaiwalika kawirikawiri ngakhale kuti tianthu timene osewera ankationa pa TV tinali ntchito yake. Nyimbo anapeka Nobuo Uematsu, yemwe sanapite kusukulu ya nyimbo ndipo asanalowe Square ankagwira ntchito m'sitolo yobwereketsa nyimbo.

Pulogalamu analemba Nasir Gebelli, mbadwa ya ku Iran yokhala ku America, amene anali atatchuka kale ndi magemu a pa Apple II. Pamene chilolezo chake chogwirira ntchito ku Japan chinatha pambuyo pake, ali mkati mopanga Final Fantasy II ndi III, anzakewo sanafune kumusiya. Ananyamuka n'kumutsatira ku Sacramento, ku California, kukapitiriza ntchito kumeneko.

Dragon Quest ikulowapo bwanji?

Popanda Dragon Quest, mwina Final Fantasy sikanabadwa. Sakaguchi ankafuna kupanga RPG kuyambira kale, koma Miyamoto ankakana poganiza kuti pa Famicom singagulidwe. Mu May 1986 Enix inatulutsa Dragon Quest, ntchito ya Yuji Horii, wojambula Akira Toriyama ndi wopeka nyimbo Koichi Sugiyama, ndipo inagulidwa kwambiri. Apo m'pamene Miyamoto analola. Pofika February 1988, pamene Dragon Quest III inkatuluka, anthu ankafola mizere italiitali m'misewu ya Tokyo ndipo ana ankajomba kusukulu kuti akagule.

Makampani awiriwa anali osiyana mtima. Enix, imene anaiyambitsa Yasuhiro Fukushima, inali ngati wosindikiza mabuku: siinkasunga gulu lalikulu la opanga magemu, inkapereka ntchitoyo kwa makampani ena monga Chunsoft. Dragon Quest inkasintha pang'ono chabe, ndipo anthu ankaikonda chifukwa chomwecho. Square inkapanga zonse m'nyumba mwake, inkalemba anthu ambiri, ndipo gemu iliyonse yatsopano inkagwetsa zimene yam'mbuyo inamanga.

Kodi magemu a Final Fantasy ndi nkhani imodzi yopitirira?

Ayi. Iliyonse yokhala ndi nambala ili ndi dziko lake, anthu ake ndi malamulo ake. Mutha kuyamba ndi ya nambala 10 osadziwa kanthu za zisanu ndi zinayi zoyambazo. Zimene zimabwerezedwa ndi zizindikiro chabe: mbalame yaikulu yokwerapo yotchedwa chocobo ndi munthu wa dzina loti Cid, zonse zoyambira mu Final Fantasy II ya 1988, tinyama totchedwa moogle toyambira mu Final Fantasy III ya 1990, zombo zouluka, ndi miyala yonyezimira yosunga mphamvu za dziko.

N'chifukwa chiyani manambala a magemu akale ndi osokoneza?

Chifukwa si onse amene anawoloka nyanja. Final Fantasy yoyamba inafika ku America mu 1990. Yachiwiri ndi yachitatu sizinamasuliridwe. Itatuluka yachinayi mu 1991, ku America anaitcha Final Fantasy II kuti ogula asafunse za zosowazo. Yachisanu ya 1992 anailumphanso, ndipo yachisanu ndi chimodzi ya 1994 anaitcha Final Fantasy III. Kenako mu 1997 kunangotulukira Final Fantasy VII, anthu n'kumadabwa kuti IV, V ndi VI zapita kuti.

Chisokonezocho sichinathere pomwepo. Gemu ya SaGa ya pa Game Boy ya 1989, imene inali yoyamba ya Square kugulitsa makope opitirira 1 miliyoni, ku America anaitcha The Final Fantasy Legend ngakhale inali ya banja lina. Ku Ulaya kunali koipirapo: kumeneko sanalandire Final Fantasy ya nambala ngakhale imodzi mpaka VII.

Kumasulira komweko kunali ntchito ya thukuta. Chingerezi chimadya malo ambiri kuposa Chijapanizi, ndipo mu cartridge munalibe malo otsala. Womasulira wa ku ofesi ya Square ya ku Redmond, Ted Woolsey, ankadula ziganizo kuti zikwane, ndipo Secret of Mana anapatsidwa pafupifupi mwezi umodzi kuti amalize. Nintendo ya ku America inkaletsanso mawu a zachipembedzo ndi mowa, moti malo omwera mowa a m'magemu ankasanduka malo omwera khofi.

Anthu amati nyengo ya Super Famicom, makina a Nintendo amene analowa m'malo mwa Famicom, ndiyo inali yabwino koposa. N'zoona?

Ine ndimavomereza, ngakhale a Final Fantasy VII adzandikwiyira. Pakati pa 1991 ndi 1996 Square inatulutsa magemu motsatizana ngati mvula ya mu January. Final Fantasy IV inabweretsa njira ya nkhondo imene anaiganiza Hiroyuki Ito, yoti nthawi siima: ukamazengereza kusankha, chilombo chimakumenya. Inabweretsanso anthu okhala ndi mbiri zawozawo, monga Cecil, msilikali amene akulimbana ndi chikumbumtima chifukwa cha zoipa zimene mfumu yake inamutuma. Final Fantasy V inalola wosewera kusinthasintha ntchito za anthu ake n'kusakaniza maluso. Final Fantasy VI inali ndi anthu 14 oseweredwa, ndipo inachita chinthu chimene nthano zambiri siziyerekeza: pakati pa nkhani, woipa uja Kefka amapambanadi, dziko n'kuphwasuka, ndipo theka lotsalalo ndi la kutolera otsala.

Pambali pa izi panali Secret of Mana ya 1993, imene anthu atatu ankatha kusewera limodzi, Romancing SaGa, Live A Live, Front Mission, ndi Super Mario RPG ya 1996, imene Nintendo inabwereketsa Mario wake kwa Square.

Koma nsonga yake ndi Chrono Trigger ya mu March 1995. Apa Sakaguchi anagwira ntchito limodzi ndi Horii ndi Toriyama, anthu a Dragon Quest, zaka zisanu ndi zitatu makampani awo asanaphatikizane. Ndi nkhani yoyenda m'nthawi, kuchokera ku nyengo ya madinaso mpaka kutsogolo kumene dziko linaonongeka, ndipo ili ndi mathero opitirira khumi malinga ndi nthawi imene wagonjetsera mdani wamkulu. Nyimbo zake zinapekedwa ndi mnyamata Yasunori Mitsuda, amene anali atatopa ndi ntchito yokonza phokoso la m'magemu ndipo anauza Sakaguchi kuti akapanda kumulola kupeka nyimbo asiya. Anamulola. Anagwira ntchito mpaka kudwala zilonda za m'mimba, ndipo Uematsu anamalizitsa zotsalazo.

Chimene chinapangitsa magemu amenewa kukoma, m'kuona kwanga, ndi kuchepa kwa malo. Popeza sakanatha kuonetsa nkhope yolira, ankadalira kanyimbo ndi kamunthu kamadontho koweramitsa mutu, ndipo zotsalazo wosewera ankadzazira yekha m'maganizo, monga momwe timachitira pomvera nthano usiku.

Nanga inasiyiranji Nintendo?

Chifukwa cha malo omwewo. Square inkafuna magemu ooneka ngati kanema, ndipo mu 1995 inaonetsa kachitsanzo ka anthu a mu Final Fantasy VI atapangidwa mu 3D pa makompyuta a Silicon Graphics. Nintendo inasankha kuti makina ake atsopano, Nintendo 64, apitirize ndi ma cartridge. Cartridge yaikulu kwambiri imene makinawo anakhala nayo inali ya 64 MB, pamene CD imodzi imasunga pafupifupi 650 MB ndipo ndi yotchipa kupanga. PlayStation ya Sony, imene inatuluka ku Japan mu December 1994, inkagwiritsa ntchito ma CD.

Panalinso bala lakale. Secret of Mana inakonzedwera chipangizo cha CD chimene Nintendo ndi Sony ankapangira limodzi. Mgwirizanowo utasokonekera, Square inakakamizika kudula zambiri kuti gemuyo ikwane mu cartridge. Sony nayo inatenga ntchito yake ija n'kuisandutsa PlayStation.

Kumayambiriro kwa 1996 Square inalengeza kuti Final Fantasy VII idzatulukira pa PlayStation. Chaka chotsatira Enix nayo inalengeza zomwezo za Dragon Quest VII. Kwa Nintendo ndi mkulu wake Hiroshi Yamauchi, kumeneku kunali kulasidwa ndi wapanyumba, ndipo khomo linatsekedwa kwa zaka zingapo. Linatsegukanso cha mu 2002, ndipo mu 2003 kunatuluka Final Fantasy Tactics Advance pa Game Boy Advance ndi Final Fantasy Crystal Chronicles pa GameCube.

Final Fantasy VII inali ndi chiyani chapadera?

Kukula, choyamba. Inatuluka pa 31 January 1997 pa ma CD atatu. Inapangidwa ndi anthu opitirira 100, motsogozedwa ndi Yoshinori Kitase, ndipo inadya madola pafupifupi 40 miliyoni, ndalama imene panthawiyo inali yosamveka pa gemu. Ku Japan inagulitsa makope opitirira 2 miliyoni m'masiku atatu. Sony inailengeza mwamphamvu pa TV ku America, ndipo kwa anthu ambiri a ku America ndi ku Ulaya imeneyi inali RPG yawo yoyamba. Makope ake anadzapitirira 10 miliyoni.

Chachiwiri ndi nkhani. M'malo mwa mafumu ndi nyumba zachifumu, gemuyi imayambira mumzinda wa Midgar, mmene olemera amakhala pamwamba pa chimbale chachitsulo ndipo osauka amakhala pansi pake osaona dzuwa. Mdani ndi kampani yamagetsi ya Shinra, imene ikuyamwa moyo wa dziko n'kumaugulitsa ngati magetsi. Ndimaseka ndikakumbukira kuti amene analemba zimenezi anali a kampani yobadwa m'nyumba ya omanga mawaya a magetsi. Anthu ake, Cloud ndi chilupanga chake, Sephiroth, Tifa, Aerith, anawajambula Tetsuya Nomura, amene kuyambira pamenepo anakhala nkhope ya kampaniyo. Ndipo kumapeto kwa CD yoyamba kumachitika imfa imene mpaka lero anthu akuluakulu a ndevu zawo amaikambabe.

Ndalama zitayamba kulowa, Square inayesa chilichonse: Final Fantasy Tactics ya Yasumi Matsuno, Xenogears, Parasite Eve, Vagrant Story, Chrono Cross, magemu omenyana, a mpikisano wa magalimoto, ndi kampani ya DigiCube yogulitsa magemu m'timasitolo ta m'misewu. Final Fantasy VIII inatuluka mu 1999, IX mu 2000, X mu 2001 pa PlayStation 2 ili ndi mawu a anthu enieni. Inali nthawi ya ichi chakoma ichi chakoma, ndipo tonse tikudziwa zimene zinamuchitikira pusi.

Nanga filimu ya Final Fantasy imene Square inapanga inavuta pati?

Sakaguchi ankakhulupirira kuti magemu ndi mafilimu zidzakhala chinthu chimodzi. Square inatsegula situdiyo ya Square Pictures ku Honolulu, ku Hawaii, n'kuyamba kupanga filimu yonse pa kompyuta, ya anthu ooneka ngati enieni. Ntchitoyo inatenga zaka pafupifupi zinayi. Maganizo anali oti mkazi wa m'filimumo, Aki Ross, adzakhale ngati wosewera weniweni wotha kuoneka m'mafilimu ena.

Final Fantasy: The Spirits Within inatuluka mu July 2001. Inadya madola 137 miliyoni ndipo inabweretsa pafupifupi 85 miliyoni, ndalama imene eni nyumba zoonetsera kanema amatengapo gawo lawo. Pa luso inali yodabwitsa, mpaka tsitsi la Aki linkagwedezeka lililonse palokha. Koma okonda magemu sanapezemo chilichonse chimene ankachidziwa, ndipo anthu wamba sanaone chifukwa choonera nkhope zokongola zopanda moyo m'maso. Square Pictures inatsekedwa mu 2002.

Dziwani kuti mavuto anayamba filimuyo isanatuluke. Chaka cha ndalama chothera mu March 2001, Square inali italuza kale, ndipo Sakaguchi anali atatula udindo wake wa wachiwiri kwa mkulu wa kampani. Filimu inangokulitsa dzenjelo. Mu October 2001 Sony inagula masheya 18.6 peresenti kuti ithandize, ndipo kumapeto kwa chakacho Suzuki anasiyira mpando Yoichi Wada, munthu wochokera ku ntchito za ndalama osati za magemu.

Ndiye filimuyo ndi imene inachititsa kuti Square iphatikizane ndi Enix?

Anthu ambiri amatero, koma zinayenda mosiyana. Zokambirana zinalipo kale filimu isanatuluke, chifukwa mtengo wopangira magemu unkakwera ndipo makampani akunja ankakula. Filimu itakanika, Enix inabwerera m'mbuyo, posafuna kukwatirana ndi mnzake wangongole. Inavomera Square itachira, chifukwa cha Final Fantasy X ndi Kingdom Hearts ya mu 2002, gemu yosakaniza anthu a Square ndi a Disney imene ambiri ankaiseka isanatuluke. Choncho filimu inachedwetsa ukwatiwo, siinaubweretse.

Analengeza mu November 2002. Miyamoto, yemwe anali atachoka pa utsogoleri kalekale koma ali ndi masheya ambiri kuposa wina aliyense, anakana mtengo woyamba woti sheya imodzi ya Square ifanane ndi 0.81 ya Enix. Anakweza kufika pa 0.85, ndipo analola. Wada anakhala mkulu wa kampani yatsopanoyo, Fukushima wapampando.

Anthu amene anamanga Square anapita kuti?

Anamwazikana, ndipo ena anachoka kale kuphatikizana kusanachitike. Mitsuda anachoka mu 1998. Tetsuya Takahashi, wa Xenogears, anayambitsa Monolith Soft mu 1999. Kampaniyo inagulidwa ndi Nintendo mu 2007 ndipo ndi imene imapanga Xenoblade Chronicles. Ena anayambitsa Brownie Brown, ena AlphaDream imene inkapanga magemu a Mario & Luigi mpaka pamene inagwa mu 2019. Ishii anayambitsa Grezzo. Uematsu anachoka mu 2004 n'kumagwira payekha.

Sakaguchi anayambitsa Mistwalker mu 2004. Anapanga Blue Dragon ndi Lost Odyssey pa Xbox 360, The Last Story pa Wii, ndi Fantasian mu 2021. Mu 2024 Fantasian inatulutsidwanso pa makina ena, ndipo amene anaisindikiza ndi Square Enix. Kitase, Nomura ndi Kawazu anatsala.

Kodi Square Enix inasunga mtima wa Square?

Khalidwe la kubetcha linatsala, ndi zabwino zake ndi zoipa zake. Kampaniyo inagula Taito mu 2005 ndi Eidos ya ku Britain, eni Tomb Raider, mu 2009, kenako mu 2022 n'kugulitsa masitudiyo ake a ku America ndi Canada kwa kampani ya Embracer pa madola 300 miliyoni. Gemu imene inalengezedwa mu 2006 ngati Final Fantasy Versus XIII inatuluka mu 2016 itasanduka Final Fantasy XV.

Chitsanzo chachikulu ndi Final Fantasy XIV, gemu ya pa intaneti. Inatuluka mu September 2010 ili yosapsa, moti kampani inapepesa n'kusiya kulipiritsa anthu kwa nthawi yaitali. Tanaka, mnzake wa Sakaguchi wa ku ganyu uja, anachotsedwa pa utsogoleri wake ndipo anaikapo Naoki Yoshida. Yoshida anasankha kumangokonzakonza yakaleyo kwinaku akumanga ina yatsopano kumbali. Mu November 2012 anatseka yakale mwa njira yosaiwalika: m'nkhani momwemo mwezi unagwa kuchokera kumwamba n'kuononga dziko, osewera akuonerera. Yatsopano, A Realm Reborn, inatsegulidwa mu August 2013. Pofika December 2021 anthu anachuluka moti kampani inayamba yaimitsa kugulitsa gemuyo kuti amene analipo kale apeze malo.

Ndikufuna kuyesa magemu akalewa. Ndiyambire pati?

Ngati muli ndi foni kapena kompyuta wamba, zisanu ndi chimodzi zoyambirira zinakonzedwanso pa dzina loti Pixel Remaster kuyambira 2021, ndipo manambala ake ndi enieni a ku Japan. Sizifuna makina amphamvu. Musayambe ndi yoyamba kapena yachiwiri, zimatopetsa munthu wosazolowera. Yambani ndi IV ngati mukufuna nkhani yowongoka, kapena VI ngati muli ndi nthawi. Chrono Trigger nayo ilipo pa foni ndi pa kompyuta, ndipo ndi yaifupi, maola 20 mpaka 25.

Za VII, samalani posankha. Final Fantasy VII Remake ya 2020 ndi Rebirth ya 2024 ndi magawo awiri oyamba a ntchito ya magawo atatu, amafuna makina amphamvu ndi malo ambiri, ndipo amasintha nkhani m'njira imene imamveka bwino kwa amene anasewera ya 1997. Yakaleyo ikugulitsidwabe. Anthu ake amaoneka ngati zidole zamatabwa, manja ngati zibonga, koma pakatha ola limodzi maso amazolowera. Ndipo magemu onsewa ndi owerenga kwambiri, choncho ikani foni pa chaja, ndipo muzisunga pamene mwafika musanalowe m'phanga lililonse.